Pepala la M'thumba la Jekete

Loweruka m'mawa ndinachapa jekete ya a Josiah ngati munthu wosafuna kumaliza. Ndinayamba ndi kolala, kupaka sopo pang'onopang'ono pomwe thukuta linasiya mzere wakuda, kenako mikono, umodziumodzi. Unali mwezi wa Juni, madzi a m'beseni akuumitsa zala, koma sindinafulumire. Anandibwereka jeketeyo Lachitatu pa depoti ataona ndikunjenjemera, ndipo masiku awiri ndinangoikoleka kuseri kwa chitseko n'kumainunkhiza amayi akatuluka. Inkamveka dizilo ndi makoko a manachesi.

Nditaitembenuza kuti ndichape mkati, chinthu china chinalira m'thumba. Linali pepala lopindidwa kanayi, lokulungidwa m'kajumbo ka shuga, n'chifukwa chake silinanyowe. Ndinapukuta manja pachitenje n'kulifunyulula. Linali lochokera ku chipatala china cholipira cha m'tauni, la chaka chatha mwezi wa Febuluwale, dzina la a Josiah lili pamwamba. Ku sekondale phunziro lomwe ndinakhoza bwino linali Bayoloje lokha, ndiye sipanafunike wondiuza kuti anayezetsa umuna. Panali manambala angapo, koma imodzi anaizunguliza ndi bolopeni yofiira mpaka pepala kutsala pang'ono kubooka. Pa mbewu zana lililonse, zoyenda zinali zisanu ndi zinayi zokha.

Ndinakhala pachidebe, madzi akudontha m'zigongono.

A Josiah amayendetsa minibasi ya ku Area 25, kuchokera kwathu ku Nsungwi kupita m'tauni. Ali ndi zaka makumi atatu, ine makumi awiri ndi ziwiri. Miyezi yambiri ndinkakwera galimoto yawo n'kukhala mpando wa kumbuyo, maso pawindo, osalankhula ndi munthu. Tsiku lina anangoti mpando wa kutsogolo ndi wanga. Pakati pa dalaivala ndi wokwera pali chivundikiro cha injini, chotentha moti sungaikepo dzanja nthawi yaitali, ndipo pamenepo ndi pomwe ankandisungira mbatata yootcha kuti isazizire. Anandifunsira patatha miyezi inayi. Ndinayankha patatha milungu itatu, ndipo ndinayankha pa meseji, chifukwa pakamwa mawu ankakana kutuluka.

Za banja lawo loyamba sanandibisire. Anati anakhala ndi Tina zaka zitatu, zinthu sizinayende, anasiyana. Ine sindinafunse zambiri. Tsopano ankhoswe anali oti akumane Lamulungu la mlungu wotsatira kuti asankhe tsiku la chinkhoswe, ine ndili ndi pepala m'manja lomwe mwini wake sanandionetse.

Ndinalibisa m'Baibulo langa, n'kuyanika jekete pachingwe.

*

Amayi anabwera kuchokera ku msonkhano wa amayi kutchalitchi nkhope itagwa. Anaona jekete ikudontha pachingwe, n'kuima.

"Wayamba kale kuchapira munthu asanakulowetse m'nyumba?"

Ndinangoyang'ana pansi. Anakhala pakhonde n'kuvula nsapato, ndipo nkhani inatuluka. Tina anabwerera ku 25 ndi mwamuna wake watsopano, ali ndi mwana kumsana. Amayi onse a kutchalitchi anali atawerengetsa kale: zaka zitatu kwa a Josiah popanda kanthu, kwa mwamuna winayo miyezi iwiri yokha mimba. Wina anafika pouza amayi pamaso kuti mkamwini wawoyo anagwa mumpapaya. Ine ndine mwana yekhayo wa amayi. Atatu anapita ali makanda, bambo anamwalira ndili Sitandade 6. Amayi sanakalipe. Anangoti iwo sanandilerere kuti mbumba yawo idzathere pa ine, ndipo Lamulungu adzauza achimwene awo, amalume Peterson, kuti nkhaniyi iime kaye.

Kenako anandituma tomato, ngati palibe chomwe anena.

Tina ndinamupeza pamsika wa Nsungwi akusankha usipa. Ndinkamudziwa pa chithunzi chokha, koma iye anandidziwa msanga. Ndinafuna kutembenuka, iye n'kundigwira dzanja.

"Ndiwe Dailesi eti? Usathawe, sindiluma."

Anandikokera kuseri kwa benchi ya makala. Mwana wake anali atagona, tsaya litapanikizika pamsana. Ndinkayembekeza chipongwe, koma Tina analankhula motsitsa. Anati zaka zitatu anamwa mizu yowawa ya mtundu uliwonse, anatemeredwa mphini m'chiuno, anasala kudya kumapiri, ndipo pamaliro ndi paukwati pomwe azakhali a a Josiah, mayi Agatha, ankamutchula chumba anthu akumva. Anati a Josiah sanamumenyepo, sanamutukwanepo, ndi munthu wabwino. Kungoti azakhaliwo ndi amene anawalera makolo atamwalira, ndiye pamaso pawo amasanduka mwana wa Sitandade 1.

"Akadzakuitanira tiyi ku Kaliyeka," anatero akukonza nsalu ya mwana, "udzaone yemwe adzakhale pakhonde. Ine ndinakana. Iwe udzaona wekha."

Ndinafuna kufunsa kuti anakana chiyani, koma iye anali atabwerera kale kukasankha usipa wake. Ndinafika kunyumba tomato nditaiwala.

*

Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinakwera minibasi ya munthu wina kupita ku Kawale kwa Zulaikha. Tinkakhala desiki imodzi kuyambira Fomu 1. Iye anapitiriza sukulu ndipo amagwira ntchito mu labu ya chipatala, ine ndinatsalira pa Fomu 4. Ndinamupeza akuluka tsitsi la mng'ono wake, ndipo atamaliza tinalowa kuchipinda. Pepala ndinalipinda pamwamba kuti dzina lisaoneke.

"Ndi la m'bale wa mnzanga," ndinatero.

"Inde, chemwali. M'bale wa mnzako woyendetsa minibasi."

Sanaseke kwambiri. Anawerenga kawiri, kenako anatenga pensulo n'kujambula kuseri kwa kalendala kamutu ndi kamchira. Anati chiwerengero cha mbewu chinali chokwanira, maonekedwe akenso sanali oipa, vuto linali kuyenda. Ndinafunsa ngati zikutanthauza kuti basi zatha. Anandiyang'ana monga ankachitira ndikalakwitsa samu yophweka.

Anandifotokozera zomwe buku lathu la Fomu 4 silinanene. Mbewu ya mwamuna ikatuluka imasambira ndithu, koma imakhala isanakonzeke kulowa m'dzira. Imatha maola angapo m'njira ya mkazi ikusintha pang'onopang'ono. Ikayandikira, maselo ozungulira dzira amatulutsa timadzi, homoni ija tinkavutika kuilemba pamayeso, pulojesiteroni. Pamchira wa mbewu pali tizitseko tating'ono kwambiri. Timadzi tija tikafika tizitsekoto timatseguka, mchere wa kashiamu umalowa, ndipo mchira umasiya kusambira mwaulemu n'kuyamba kukwapula mwamphamvu mpaka mbewu itaboola chikuta cha dzira.

"Ndiye dzira limaitana?" ndinafunsa.

"Limaitana, mbewu n'kumva. Pali amuna ena tizitseko tawo sititseguka. Pagalasi la mu labu mbewu zawo zimaoneka bwinobwino koma mwana osabwera, ndipo zimenezo makina athu kuno sangazione. Ndiye sindikulonjeza kanthu, Dai. Koma palinso mapepala onama."

Anaika chala pakona ya pepala, pomwe ine sindinayang'ane n'komwe. Panali nthawi ziwiri zolembedwa pamanja. Umuna unatengedwa 6:15 m'mawa, unafika mu labu 10:05. Zulaikha anati umayenera kufika ola lisanathe, uli wofunda ngati thupi la munthu, osazizira komanso osatentha. Mbewu zimadana ndi kutentha, n'chifukwa chake nkhokwe yake inaikidwa kunja kwa thupi. Maola anayi, kaya kabotolo ka umunawo kanali pati, zambiri zikanafika zitafooka ngakhale za mwamuna wa ana khumi. Pansi pa pepalalo panalinso mawu a dokotala, olembedwa mokhotakhota, akuti munthuyo abwerenso kudzayezetsa kachiwiri.

"Anabwerera?"

Ndinapukusa mutu kuti sindikudziwa. Koma pepala lomwe munthu amayenda nalo m'thumba chaka ndi miyezi inayi, lokulungidwa m'jumbo, silioneka ngati lili ndi linzake.

Zulaikha anati pepala limodzi siliweruza mwamuna. Anatinso ntchito yokhalira painjini yotentha tsiku lonse ikhoza kufooketsa mbewu, ndipo zatsopano zimatenga miyezi iwiri ndi theka kuti zipangike. A Josiah akhoza kubwera kuchipatala kwawo Lachinayi lina lililonse m'mawa, pali kachipinda pompo, palibe zoyenda ndi kabotolo. Pondiperekeza anandifunsa funso limodzi: nanga pepala lachiwiri likadzafanana ndi loyamba?

*

Lolemba madzulo a Josiah ananditumizira meseji. "Dai wanga, jekete ija wandilanda? Kukuzizira kuno." Ndinayankha kuti sinaume. Anatumiza kankhope koseka, kenako anati azakhali akufuna ndikamwe nawo tiyi mawa. Ndinayang'ana mawuwo mpaka foni inazima yokha.

Ku Kaliyeka ndinafika cha m'ma teni. Pakhonde panali Owen, mwana wa mayi Agatha, atakhala pampando wapulasitiki, miyendo atatambasula. Owen ali ndi shopu ya mafoni, ana atatu kwa akazi awiri, ndi perefyumu yomwe imafika iye asanafike. Chiyambire kundidziwa ankandinena kuti alamu, n'kumandiseka kuti ndimayenda ngati ndikupepesa nthaka. Tsiku limenelo sanaseke. Anaimirira, anandipatsa moni ndi manja awiri, n'kugwira dzanja langa nthawi yaitali kuposa moni.

"Alamu, mwanenepatu. Amwene akukusamalani."

Ndinachotsa dzanja n'kulowa.

Mayi Agatha anali atayala nsalu yoyera patebulo, makapu a alendo, buledi wopaka majarini. Ananditamanda kuti ndine mwana wofatsa, wosayendayenda, wodziwa kugwada. Anati zomwe anthu akulankhula ku 25 azimva, ndipo sabisa, mwana wawo Josiah ali ndi vuto. Anamulera kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, anamunyamula kumsana atadwala chikuku, ndipo sangalole kuti afe anthu akumuloza chala kuti gojo. Pamenepo misozi inalengeza m'maso mwawo, ndipo inali misozi yeniyeni.

Kenako anatsitsa mawu. Anati kwawo ku Dedza makolo sankalola nyumba kuzizira chifukwa cha zimenezi. Ukwati ukachitika, pakapita miyezi, m'bale wa mwamuna amalowa mwakachetechete, kawiri kapena katatu, mwini nyumba atapita ku ulendo. Amamutchula fisi, koma si chipongwe, ndi chithandizo. Mwana amabadwa, amatenga dzina la bambo wa nyumbayo, nkhope ndi ya kubanja komweko, ndipo palibe amene amatsegula pakamwa mpaka manda.

"Magazi ndi amodzi, mwanawe. Owen ndi Josiah anakula akudyera mbale imodzi, m'nyumba mwangamu. Ndipo tikhoza kukamuyezetsa matenda kaye, ife si anthu achikale."

Pawindo ndinkaona msana wa Owen, akusewera ndi makiyi a galimoto. Tiyi anandizizirira m'manja. M'mutu mwanga munali mawu ambiri, oyalana bwinobwino, koma pakamwa panangotuluka mpweya. Mayi Agatha anadikira pang'ono, kenako anandisisita phewa.

"Ndinadziwa kuti ndiwe wanzeru. Uja Tina anali wamwano."

Owen anati andiperekeze pagalimoto. Ndinati ndili ndi kwina kopita, n'kuyenda wapansi mpaka pa siteji. Usiku womwewo anatumiza meseji yoti ndisamamuope, iye ndi munthu wosunga chinsinsi. Sindinayankhe. Sindinaifufutenso.

*

Lachinayi masana ndinakumana ndi a Josiah pansi pa mtengo wa kesha kuseri kwa bwalo la mpira, pomwe tinkakonda kukhala minibasi ikakhala pamzere. Anabwera ndi mbatata m'nyuzipepala, ikadali yotentha. Ndinawapatsa jekete, yositidwa, kenako pepala, m'kajumbo kake komwe.

Nkhope yawo inasintha ngati munthu wapondedwa pachilonda. Sanalilandire msanga.

"Umafufuza m'matumba mwanga?"

"Ndimachapa."

Anakhala pamuzu, mbatata ili pamwendo. Anati ankafuna kundiuza, tsiku lililonse ankati mawa. Atamva kuti Tina ali ndi pakati anapita yekha kuchipatala, osauza munthu, ndipo atalandira pepalalo anakhala m'minibasi ola lathunthu zitseko zotseka. Analionetsa azakhali okha. Ankayenda nalo kuti tsiku lomwe adzalimbe mtima lidzakhale pafupi.

Ndinafunsa za kabotolo, kuti kanali kuti kuyambira sikisi mpaka teni. Anandiyang'ana modabwa. Anati nesi anawauza kuti akachitire kunyumba, abwere nako msanga, ndipo kasazizire. Koma m'mawa ndi nthawi ya anthu opita kuntchito, sakanasiya galimoto, ndiye anapanga matiripi awiri kaye, wachiwiriwo n'kukodwa mumzere wa magalimoto pa Kanengo.

"Koma sikanazizire, Dai. Ndinakakulunga m'sokosi n'kukaika apa pomwe ndimaika mbatata yako."

Ndinayang'ana mbatata ija, nthunzi ikutuluka pomwe inang'ambika. Ndinafuna kuseka ndi kulira nthawi imodzi. Ndinawafotokozera zonse zomwe Zulaikha ananena, za ola limodzi, za kutentha, za tizitseko ta pamchira, mpaka mawu a dokotala a pansi pa pepala. Sindinayambe ndalankhulapo mawu ambiri chotero kwa iwo. Ndinkaganiza kuti adzasangalala.

"Ndiye wakaonetsa anzako."

"Dzina ndinalipinda."

"Dailesi, Lilongwe yense akundiseka kale, iwe ukukawonjezera Kawale?"

Ndinati apitenso Lachinayi likubwerali, ine ndidzawaperekeza. Anapukusa mutu. Anati ine sindikudziwa momwe zimakhalira kupereka kabotolo kotero kwa mtsikana wa msinkhu wa mlongo wako, n'kubwera mawa lake kudzamva kuti si iwe mwamuna. Anachita manyazi amenewo kamodzi. Tsopano ndikuwapatsa chiyembekezo, ndipo pepala lachiwiri likadzanena zomwezo, adzagwa kuchokera pamwamba kuposa poyamba. Nanga zaka zitatu za Tina, nazonso zinali painjini?

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene za tiyi wa ku Kaliyeka, koma hutala inalira ku siteji, nthawi yawo yonyamula anthu itakwana. Anaimirira, anavala jekete, pepala n'kulibwezera m'thumba lomwe lija. Mbatata anaisiya pamuzu.

Lachisanu sanatumize meseji. Loweruka ndinalemba kuti "Mwadzuka bwanji", ndipo ndinaona kuti awerenga. Amene analemba anali Owen, kufunsa ngati ndimakonda foni yamtundu wanji.

*

Lamulungu masana pabalaza pathu panadzaza. Amalume Peterson anakhala pampando wa malemu bambo, chipewa chili pabondo. Mayi Agatha anakhala pa sofa ndi mkulu wina wa kwawo, amayi pamkeka. Owen, yemwe anabweretsa alendowo pagalimoto, anatsamira chitseko cha panja. Ine ndinali kukhitchini ndikutsuka makapu otsuka kale, mpaka amalume anati ana alowe, nkhaniyi ndi yawo.

Ndinagwada pafupi ndi khomo. A Josiah anakhala pa situlu moyang'anana nane, atavala jekete ija, maso ali pa simenti.

Amayi analankhula mosazungulira. Anati alibe chifukwa ndi mnyamatayu, ndi waulemu, koma iwo anaika ana atatu m'manda ndipo wotsalayu sangamupereke ku nyumba yomwe simudzalira mwana. Anapempha kuti za chinkhoswe ziime.

Mayi Agatha sanatekeseke. Anati nkhawa ya amayi ndi yomveka, iwonso ndi mayi. Koma ana adzabadwa m'nyumba imeneyi, akulonjeza pamaso pa ankhoswe. Pali zinthu zina zomwe akuluakulu amadziwa kakonzedwe kake, zosafunika kuzitchula masana.

"Mwanayu ndinakamba naye Lachiwiri, ndipo sanakane."

Amalume anatsokomola n'kuyamba kutembenuza chipewa. Anali atamva tanthauzo lake. Ndinayang'ana amayi, ndikudikira kuti akalipe, atulutse anthuwa m'nyumba. Amayi anayang'ana Owen pakhomo, anayang'ana ine, kenako anayamba kuwongola mphonje ya mkeka ndi chala. Sananene kanthu. Chete ameneyo anandipweteka kuposa mawu onse a mlungu umenewo.

Ndiye ndinayang'ana a Josiah. Munthu akamva chinthu chachilendo amadzutsa mutu. Iwo sanadzutse.

"Ngati ana agwirizana," anatero amalume pang'onopang'ono, "ndiye tingoona za tsiku."

"Amalume, ndilankhuleko."

Mawu anga anatuluka aang'ono, koma onse anatembenuka. Amayi anandiyang'ana ngati walankhulayo ndi mphaka.

"A Josiah, za a Owen mumazidziwa?"

Mayi Agatha anati mwana wamkazi safunsa zotero pagulu. Ine sindinachotse maso. A Josiah anagwedeza mutu movomera. Anati azakhali anawauza Lolemba. Sanavomere, koma sanakanenso, chifukwa ankaopa kuti popanda njira imeneyo anditaya. Mawu omalizawo anatuluka mosweka.

Mayi Agatha anaimirira n'kumanga chitenje. Anati iwo abwera ndi mtima wothandiza, koma ngati mtsikanayu akufuna kuvula banja lawo pagulu monga anachitira mnzake uja, kwawo sikudzachokera nkhuku ya chinkhoswe, ndipo Josiah asankhe lero pakati pa bere lomwe linamulera ndi mwana wa dzana. Owen anali atasiya kuseweretsa makiyi.

Ndinagwira mphuthu ya chitseko, koma sindinaimirire. Ndinalankhula ndili chogwada, monga anandiphunzitsira amayi.

"Azakhali, Lachiwiri ndinakhala chete chifukwa cha mantha, sikunali kuvomera. Ndikukana. A Owen, musadzanditumizirenso meseji. Amayi, mwana ndikumufuna, mwina kuposa inu, koma sindidzabereka mwana woti ndizidzamunamiza tsiku lililonse akaitana bambo ake."

Ndinapuma. Kenako ndinatembenukira kwa a Josiah.

"A Josiah, ine ndinavomera inu. Sindinavomere pepala lija, sindinavomere achimwene anu. Lachinayi seveni koloko ndidzaima pageti la chipatala. Kaya pepala lachiwiri lidzanena zabwino, kaya lidzanena zomwe zija, ndidzatuluka nanu pagetipo nditakugwirani dzanja, ndipo chinkhoswe chidzachitika ngakhale nkhuku ndikagule ndekha. Koma mukadzapanda kubwera, musadzandisungirenso mpando wa kutsogolo."